Nthambi za Verdicchio Zinabedwa pa Nkhomaliro

Ombretta Stronati anamva nkhaniyo Lolemba m'mawa asanamalize n'komwe khofi wake, ndipo anaimva kwa anthu anayi nthawi imodzi. Ku Roccavelia kulibe amene amadikira mnzake kuti atseke pakamwa. Atapeta phokoso lonselo, chimene chinatsala chinali ichi: dzulo lake, Lamulungu, mudzi wonse uli pa nkhomaliro kumalo odyera a mayi Delfina, munthu wina analowa m'munda wa mphesa wa a Gualtiero Cingolani n'kudula nthambi za mipesa khumi ndi inayi pa mzere wakale uja. A Gualtiero atazindikira chakumadzulo, anabwerera pabwalo la mudzi, n'kuima pakati pa anthu, n'kulengeza kuti wakubayo ndi Kiril, wantchito wawo.

Mzere wakalewo panalibe wosaudziwa. Anaubzala ndi malemu bambo awo a Gualtiero zaka makumi asanu ndi awiri zapitazo, ndipo vinyo wa Verdicchio wochokera pamenepo ankasiya kakuwawira kokoma kumapeto kwa lilime, kamene ngakhale oweruza vinyo a nkhope zouma ankakatsinzinira maso. A Gualtiero ankaudulira okha mzerewo, pomalizira penipeni, ndipo nthambi zodulazo ankaziwotcha pomwepo, ataima chilili mpaka zisanduke phulusa, kuopa kuti wina angatolepo kanthambi n'kukamezanitsa kwake. Chaka chino anali asanadulire. Wina anawathandiza.

Ombretta ndiye anali wapolisi yekhayo wa m'mudzimo, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ntchito yake yambiri inali yothamangitsa oimika magalimoto pakhomo la tchalitchi. Za kufufuza milandu palibe anamuphunzitsa. Koma ankadziwa ichi: Kiril anachokera ku Macedonia, anali atagwira ntchito m'mundamo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chiphaso chake chokhalira m'dziko chinkadikira kalata ya abwana ake, yofunika kusayinidwa lisanafike Lachisanu. A Gualtiero anali atalumbira kuti sasayina, komanso kuti 3 koloko masana a Lolemba lomwelo apita kutauni ya Jesi kukamusumira. Makutu a Ombretta anatentha. Anasiya khofiyo patebulo.

Anawapeza a Gualtiero kumtunda kwa mzerewo, manja ali m'matumba a jekete, nkhope ili ngati ya munthu amene watafuna njere ya ndimu. Umboni wawo anauyala ngati katundu wa pamsika: chaka chatha Kiril anapempha nthambi ndipo anamukaniza; posachedwapa wabwereka kamunda kumtsinje; sizasi yodulira sichoka m'thumba mwake; ndipo mwa amuna onse a m'mudzimo, ndi iye yekha amene sanabwere ku nkhomaliro.

"Ndiye nthambizo mwamupeza nazo?"

"Sindikufunika kumupeza nazo."

"Ine ndikufunika, bambo Cingolani."

Anawasiya akung'ung'udza n'kutsika ndi mzerewo. Chimene anaona chinamudabwitsa. Wakuba wa changu amadula paliponse n'kuthawa, koma apa mpesa uliwonse unali utaduliridwa mwaulemu, watsala ndi nthambi imodzi yabwino, yopindidwa n'kumangiriridwa ku waya ndi kachingwe kobiriwira ka pulasitiki. Atafunsa kuti wamanga ndani, a Gualtiero anayankha ali kumtunda komweko kuti amanga okha m'mawa womwewo, kuopa mphepo. Yankholo linabwera msanga kuposa funso.

Mpesa womalizira unali kumunsi, pafupi ndi ngalande, utabisika theka ndi minga. Ombretta anagwada. Umenewu sunamangidwe ndi pulasitiki. Unamangidwa ndi kanthambi kachikasu ka msondodzi, kopotedwa katatu, nsonga yake yolowetsedwa pansi pa mfundo. Atakadina ndi chikhadabo, kanatuluka madzi. Kanali kakuwisi.

Anakadula kuseri kwa mfundo n'kukaponya m'thumba. Atayang'ana kumtunda, anaona a Gualtiero atamufulatira, dzanja lamanja litamira m'thumba lotupa.

* * *

Kiril anali m'shedi ya thirakitala, akulongedza zake m'kabokosi ka mphesa: nsapato za m'matope, mpeni womezanitsira, chithunzi cha ana ake awiri. Anali munthu wamtali, wosathamangira mawu.

"Bwana wapolisi. Unyolo mwauiwala?"

Ombretta anamuuza kuti asiye nthabwala, anene kumene anali dzulo masana. Kiril anafotokoza kuti kumpingo kwawo ino ndi nyengo yosala, nsomba saloledwa, ndipo kukhala kwa mayi Delfina n'kumangonunkhiza mbale za ena ndi chilango chimene ngakhale ansembe awo sanalamule. Choncho anapita wapansi kukamunda kake kukazula miyala. Mboni zake zinali akhwangwala awiri, koma sanawafunse mayina.

Ombretta anatulutsa mfundo ija n'kuiika pa tayala la thirakitala. Kumwetulira kwa Kiril kunazilala. Anaitola, n'kuitembenuza pang'onopang'ono. Anati iye anayesapo kuphunzira kumanga chonchi nyengo yonse yachisanu, msondodzi n'kumangothyokera m'manja mwake. M'chigwa chonsecho otsala amene amatha ndi nkhalamba zochepa.

"Nkhalamba ziti?"

"Dzulo munthu wanditchula dzina pabwalo alibe umboni," anatero Kiril akumubwezera mfundoyo. "Sindikufuna kulawa kuti zimakoma bwanji ukakhala wotchulayo."

Ombretta anamutukwana mumtima chifukwa cha ulemu wakewo, kenaka anadzitukwana yekha chifukwa ankagwirizana naye. Anamulamula kuti asachoke, ndiponso asiye kulongedza. Akutuluka, mutu wake unkazungulira pa chinthu chimodzi: nkhalamba zonse za m'chigwamo zinali pa nkhomaliro. Ndiye kuti mpando wina unakhalako wopanda munthu, ndipo panali mayi mmodzi amene mpando wopanda munthu sungamudutse.

* * *

Mayi Delfina anali azakhali ake a Ombretta, ndipo sanalole kufunsidwa kanthu mpaka mwana wa mchimwene wawo atakhala pansi n'kulandira mbale. Anthu anali makumi atatu ndi asanu ndi atatu, anatero akupukuta matambula. Anayamba ndi maolivi okazinga a nyama m'kati, ndi Verdicchio wa chaka chatha, wozizira, woti atsuke mafuta m'kamwa. Kenaka pasta ya nkhono za m'nyanja, vinyo yemweyo. Pomaliza stoccafisso, nsomba youma imene anaiviika masiku asanu akusintha madzi m'mawa ndi madzulo, n'kuiphika maola atatu ndi mbatata, tomato ndi mabotolo awiri athunthu a vinyo mumphika. Imeneyo imayenda ndi Verdicchio wa zaka zitatu, wolemera, wosazizira kwambiri. Anawonjezera kuti mwezi watha mlendo wina wa ku Milano anapempha vinyo wofiira pa nsomba imeneyi, ndipo anamupatsa madzi.

"Azakhali, ndikufunsa za anthu, osati za mphika."

"Ndipo ine ndikukuyankha, mwana iwe. Anthu ndimawadziwira pa mbale."

A Gualtiero anakhala kuzenera, anapitiriza, ndipo akulu awo a Settimio anakhala kukhomo, tebulo lonse lili pakati pawo, monga zakhalira zaka khumi ndi chimodzi chigawanireni minda ya bambo awo. Mzere wakale unagwera mbali ya wamng'ono, ndipo kuyambira tsiku limenelo awiriwo sanapatsanepo ngakhale moni. A Gualtiero sanadzuke pampando, anadya kawiri. A Settimio anadya maolivi, anadya pasta, koma nsomba itafika mpando wawo unali wokha. Mbale yawo inadikira pambali pa chitofu pafupifupi ola lathunthu. Atabwerera anati anakasinzako m'galimoto.

"Mwina anasinzadi," anatero Ombretta.

"M'galimoto muli matope? Ndakolopa ndine pansi pa mpando wawo." Mayi Delfina anaika tambula pansi n'kutsitsa mawu ngati akunena za maliro. "Nsomba yanga anaidya yozizira osadandaula. Ndipo vinyo wa zaka zitatu uja anangomugugudiza kamodzi ngati madzi a pampopi. Settimio, munthu amene amanunkhiza tambula mpaka anzake kumaliza kudya."

Koma anamuchenjeza kuti anzawo atatu osewera nawo makhadi anali atayamba kale kulumbira pabwalo kuti anawaona a Settimio akusinza m'galimoto. Matope okolopedwa si umboni. Ombretta anayang'ana wotchi ya kukhoma. Inali itadutsa 1 koloko.

* * *

A Settimio Cingolani anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, ndi maso ang'onoang'ono osekerera. Anamulandira pakhonde, pansi pa mpesa umene unayanga pamwamba pa chitseko, n'kumufunsa ngati magalimoto oimika molakwika atha m'mudzimo. Inde, anali pa nkhomaliro. Inde, anasinzako pang'ono, ukalamba suchita kupempha chilolezo. Amuna atatu angachitire umboni, ndipo mmodzi mwa iwo amaimba kwaya.

Pambali pa khonde panali ndowa, m'kati mwake mtolo wa nthambi za msondodzi zoviikidwa. Ombretta ataziloza, a Settimio anati msondodzi umamera m'ngalande iliyonse ya m'chigwamo, ndipo sanamvepo kuti boma lauletsa. Atapempha kuona chipinda chawo chapansi chosungiramo vinyo, anamuyankha mokoma kuti akabwere ndi chikalata cha woweruza, ndipo akadzabwera nacho adzamuthirira tambula.

Ombretta anamva magazi akukwera kumutu. Nkhalambayi inkamuseweretsa, nthawi inkatha, ndipo kwinaku munthu wosalakwa anali atakhala pa kabokosi ndi chithunzi cha ana ake. Ankafuna kukankha ndowayo ndi phazi. M'malo mwake anawerama, n'kusololamo kanthambi kamodzi.

Pa mpesa wa pakhomopo panali nthambi imodzi imene inkalendewera. Ombretta anaigwira, n'kuikanikiza ku waya, n'kuyamba kuimanga, uku akufunsa mafunso opanda mutu: kodi pasta inali bwanji, kodi galimoto anaiimika pati. Anaimanga mfundo ya zingwe za nsapato. Anaimanga pamwamba penipeni pa diso lophukira.

A Settimio ankayankhabe, koma maso awo anali atachoka pankhope yake. Mawu awo anayamba kudukaduka. Ombretta anakoka mfundoyo mwamphamvu mpaka khungwa linalira.

"Iwe mwana wa Stronati, ukuupha mpesawo. Choka apo."

Anamukankhira pambali ndi chigongono, n'kumasula zonyansazo, n'kusolola kanthambi kena m'ndowa. Zala zawo, zimene zinkanjenjemera pogwira ndodo, apa zinayenda zokha: kupota kamodzi, kawiri, katatu, nsonga kulowa pansi. Sizinatenge nthawi yopumira kawiri.

Ombretta anatulutsa mfundo ya m'thumba mwake n'kuigundanitsa ndi yatsopanoyo. Zinali ngati mapasa.

A Settimio anaziyang'ana kwa kanthawi. Kenaka anaseka, kuseka kwa munthu amene wagonja pa makhadi koma wasangalala ndi kaseweredwe ka mnzake. Anatenga kiyi pa msomali n'kumutsogolera kuchipinda chapansi. Kuseri kwa migolo kunali bokosi la mchenga wonyowa, ndipo nthambi zija zinagona m'menemo m'mitolo, ngati makanda.

Anafotokoza osafunsidwa. Chaka chilichonse mipesa iwiri kapena itatu ya pa mzerewo imauma ndi ukalamba, ndipo mng'ono wawo amawotcha nthambi zimene zikanaipatsa ana. Zaka khumi zikubwerazi sipadzatsala kanthu ka m'manja mwa bambo awo. Iwo anangofuna kudula n'kuthawa nsomba isanazizire. Koma atadula mpesa woyamba, nthambi yotsalayo inali lende m'mphepo, ndipo msondodzi unali pomwepo m'ngalande.

"Munthu ungausiye bwanji mpesa chonchija?" anafunsa, ndipo ankafunsadi.

"Nanga Kiril mwamusiya bwanji chonchija?"

Kuseka kunatha. A Settimio anati za pabwalo anazimva, koma sanade nkhawa, chifukwa ankadziwa kuti kukacha Gualtiero akaona mfundozo n'kudziwa kuti wakubayo si Kiril. M'chigwa chonse, mfundo yopota katatu inali ya bambo awo, ndipo anaiphunzitsa ana awiri okha.

"Anaziona," anatero Ombretta. "Anazidula, n'kumanga pulasitiki. Ndipo 3 koloko akupita ku Jesi."

A Settimio anatenga chipewa chawo.

* * *

Galimoto ya a Gualtiero inali italira kale pamene kagalimoto ka Ombretta kanaima mopingasa pachipata. A Gualtiero anatuluka akukalipa za ufulu wa munthu pakhomo pake, koma ataona a Settimio akutsika mbali inayo, anamiza dzanja m'thumba. Kiril anatuluka m'shedi n'kuima chapatali.

Ombretta sanazungulire. Anawapempha a Gualtiero kuti atulutse zimene zinali m'thumba lamanja la jekete lawo. Anakana. Anawauza kuti akhoza kuzitulutsa pano pamaso pa anthu atatu, kapena ku Jesi pamaso pa anthu ovala zipewa zazikulu kuposa chake. Pang'onopang'ono dzanja linatuluka, n'kukhuthulira pa boneti ya galimoto timfundo tachikasu. Ombretta anatiwerenga: khumi ndi titatu. Anaikapo yake yakhumi ndi chinayi.

A Gualtiero anayankhula akuyang'ana nsapato zawo. Dzulo anaona patali, kukuchita mdima, mtima n'kuwaphulika. M'mawa atafika pafupi anadziwa nthawi yomweyo. Koma mudzi wonse unali utawamva, ndipo kubwerera pabwalo kukanena kuti analakwitsa, ndiponso kuti wowabera ndi mkulu wawo, kunawalemera. Mfundozo anafuna kuzitaya m'ngalande. Dzanja linakana.

"Mfundo zinakumvetsani chisoni," anatero Ombretta, "koma munthu wa ana awiri munali okonzeka kumutaya m'ngalande momwemo."

A Settimio anauza mng'ono wawo kuti kuyambira ali mwana anali wamantha. A Gualtiero anabweza kuti bola wamantha kusiyana ndi mbala ya ndevu zoyera. Posakhalitsa awiriwo anali atayang'anizana mphuno ndi mphuno, akukumbutsana za malire a minda, za njinga ina imene inathyoka iwo ali anyamata, za amene analira kwambiri pamaliro a mayi awo. Anali macheza awo oyamba m'zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ankaoneka kuti akuwakomera.

Mkanganowo unafika pa nthambi. A Gualtiero anati ndi zawo, zibwerere. A Settimio anafunsa ngati akufuna kuzimatanso pa mipesa ndi malovu. Zadulidwa basi, ndipo zikapanda kumezanitsidwa mwezi wamawa usanathe, zifera mumchengamo. A Gualtiero anati ndiye amezanitse yekha wakubayo. A Settimio anatambasula manja awo onjenjemerawo: kumanga amatha, koma mpeni womezanitsira unawakana kalekale. Nanga iye, mwini mundayo? A Gualtiero anakhosomola. Maso awo saonanso diso la nthambi popanda magalasi awiri, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi mpesa uliwonse womezanitsidwa m'mundamo unadutsa m'manja mwa munthu mmodzi.

Onse awiri anatembenuka pamodzi.

Kiril anali atatsamira chitseko cha shedi, akupukuta mpeni wake pa thalauza. Sanafulumire. Anati choyamba, kalata ija isayinidwe pompano, pa boneti. Chachiwiri, nthambizo zigawidwe patatu: gawo la a Gualtiero, gawo la a Settimio, ndi gawo la kamunda ka kumtsinje, kamene miyala yake yatsala pang'ono kutha. A Gualtiero anatsegula pakamwa, a Settimio n'kuwaponda phazi.

"Chachitatu," anatero Kiril, "dzina langa linadetsedwa pabwalo. Likachapidwe pabwalo pomwepo."

Kalatayo inasayinidwa ndi cholembera cha Ombretta.

Dzuwa lisanalowe, anthu anali atadzaza pabwalo, chifukwa mayi Delfina anali atanong'oneza anthu awiri okha, amene ndi okwanira ku Roccavelia. A Gualtiero anaima pafupi ndi kasupe, chipewa chili m'manja, Kiril ali pambali pawo. Anayamba kung'ung'udza kuti dzulo panali kusamvetsetsana pang'ono.

Ombretta anali atakaima kumapeto kwenikweni kwa bwalo, pamasitepe a tchalitchi, manja atapinda pachifuwa.

"Bambo Cingolani," anaitana, "kuno sitikumva. Dzulo mudzi wonse unamva."

A Gualtiero anapuma mpweya wautali, n'kuyambiranso.